Volovolo Yakale ku Britain: Ukalamba wa Mfuti Si Chiphaso

Tiyerekeze kuti mukugwira ntchito yosamalira okalamba ku Leeds kapena ku Glasgow, ntchito imene abale athu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe akuigwira masiku ano. Agogo amene mwawasamalira zaka ziwiri atisiya, ndipo ana awo akupemphani kuti muwathandize kulongedza katundu. M'dilowa ya kuchipinda, pansi pa mipango ndi makalata akale, mukupeza kamfuti kokwana m'dzanja, kachitsulo kake kada ndi zaka, chogwirira chake chasalala chifukwa chogwidwagwidwa. Mwana wa malemu akuti, "Tengani, chikhale chikumbutso chanu. N'chakale chimenechi, sichilira chiphaso."

Mawu amenewo akhoza kukhala oona. Akhozanso kukulowetsani m'ndende zaka zisanu, kenako n'kukubwezani kumudzi. Chosiyanitsa ziwirizi sichioneka ndi maso, ndipo mwana wa malemuyo, ngakhale ali ndi mtima wabwino, mwina sachidziwa. N'chifukwa chake nkhaniyi ikufotokoza zimene lamulo la ku England, Wales ndi Scotland limanena pa volovolo yakale ya mpope waung'ono: amene angaisunge, amene angawombere nayo chandamale, kasamalidwe kake, ndi ufulu umene muli nawo apolisi akagogoda pakhomo. Ku Northern Ireland kuli lamulo lakelake, choncho zimene zili pano musapite nazo ku Belfast.

Chifukwa chake lamulo ndi lolimba chonchi

Pa 13 March 1996, munthu wina analowa m'sukulu ya pulayimale ya Dunblane ku Scotland n'kupha ana 16 azaka zisanu ndi zisanu ndi chimodzi, pamodzi ndi mphunzitsi wawo. Mfuti zimene anagwiritsa ntchito zinali zam'manja, ndipo zonse anali nazo mwalamulo. Makolo ndi anthu ena anayambitsa kampeni yotchedwa Snowdrop, ndipo mu 1997 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa malamulo awiri. Loyamba, pa nthawi ya boma la John Major, linaletsa mfuti zam'manja za mpope waukulu. Lachiwiri, boma la Tony Blair litalowa, linatsekanso khomo limene linatsala, la mfuti zazing'ono za .22.

Kuyambira pamenepo, mfuti imene mpope wake sufika masentimita 30, kapena imene utali wake wonse sufika masentimita 60, ili m'gulu la zida zoletsedwa pansi pa gawo 5 la lamulo lotchedwa Firearms Act 1968. Munthu wazaka 18 kapena kuposerapo (ku Scotland zaka 21 kapena kuposerapo) akapezeka nayo popanda chilolezo, khothi limayenera kumulamula kukhala m'ndende zaka zosachepera zisanu, pokhapokha patakhala zifukwa zapadera kwambiri, ndipo chilango chikhoza kufika zaka 10. Amene anaika maliro a ana aja sanafune kuti chinthu chotere chidzachitikenso, ndipo tikamawerenga ndime zolimba za lamuloli tizikumbukira kumene zinachokera.

Komabe lamulo lomwelo linasiya kakhomo kamodzi. Gawo 58, ndime 2, limati mfuti yakale imene munthu wagula, walandira kapena akuisunga monga chinthu chochititsa chidwi kapena chokongoletsera m'nyumba silira chiphaso. Anthu ambiri amamva mawu oti "yakale" okha, n'kusiya ena onsewo. Apa ndi pamene phazi limaterereka.

Mafunso atatu amene lamulo limafunsa

Kwa zaka zambiri lamulo silinkanena kuti mfuti yakale ndi iti. Makhothi ankagamula mlandu uliwonse paokha. Izi zinatha pa 22 March 2021, pamene malamulo otchedwa Antique Firearms Regulations 2021 anayamba kugwira ntchito. Tsopano mfuti iyenera kupambana pa mafunso atatu, onse pamodzi.

Funso loyamba: inapangidwa liti? Iyenera kukhala yopangidwa lisanafike tsiku la 1 September 1939. Mfuti yatsopano yopangidwa motsanzira yakale, monga zimene makampani a ku Italy amapanga masiku ano, si yakale, ngakhale ifanane ndi ya m'ma 1850 pena paliponse.

Funso lachiwiri: imadya chiyani? Ili ndilo funso lalikulu. Boma silida nkhawa ndi zaka za chitsulo. Limada nkhawa ndi kuti kodi mfutiyo ikhoza kupeza zipolopolo lero. Choncho imawerengedwa yakale ngati kawomberedwe kake kanatha ntchito kalekale, kapena ngati zipolopolo zake zili pa mndandanda wa boma wa zipolopolo zosapezekanso. Zakawomberedwe kakale ndi monga mfuti zothira wonga ndi chipolopolo kukamwa, zimene kwathu timazidziwa ndi dzina loti gogodela. Palinso mavolovolo a zipolopolo zokhala ndi kamsomali kotulukira m'mbali, zotchedwa pinfire, amene ankapangidwa ambirimbiri ku Liège m'dziko la Belgium. Enanso ndi a zipolopolo zoyakira m'mphepete, zotchedwa rimfire. Koma pa rimfire lamulo linapatulapo miyeso inayi imene siiwerengedwa yakale: .22, .23, 6mm ndi 9mm.

Funso lachitatu: mukuisungiranji? Ufulu wosunga popanda chiphaso ndi wa munthu amene akuiona mfutiyo monga chokongoletsera kapena chosungidwa cha mbiri yakale basi. Mukangofuna kuiwombetsa, ngakhale kamodzi kokha kuseri kwa nyumba, yasanduka mfuti wamba pamaso pa lamulo. Mukaisunga pansi pa pilo poopa akuba, sichokongoletseranso. Apolisi akapeza zipolopolo zoyenerana nayo m'nyumba mwanu, kudzakhala kovuta kwambiri kutsimikizira khothi kuti munkangoiyang'ana.

Mfuti ziwiri za kampani imodzi

Kuti zimveke bwino, taonani mavolovolo awiri a kampani ya Smith & Wesson ya ku Springfield m'chigawo cha Massachusetts ku America. Yoyamba ndi Model 1, imene inayamba kupangidwa mu 1857: kamfuti ka zipolopolo 7 za .22, kutanthauza kuti kukamwa kwake n'kwa mamilimita pafupifupi 5.6. Asilikali ambiri a nkhondo yapachiweniweni ya ku America ankadzigulira okha kuti aziika m'thumba. Yachiwiri ndi Model 1½, imene inatuluka mu 1865, ya zipolopolo zisanu za .32 rimfire, kukamwa kwake pafupifupi mamilimita 8.

Zonse ziwiri zapitirira zaka 140. Mukaziika pa tebulo limodzi zimaoneka ngati mwana ndi mkulu wake. Koma ya .32, yomwe ndi yokulirapo, mukhoza kuisunga m'kabati yagalasi popanda chiphaso, chifukwa zipolopolo zake zinasiya kupezeka m'masitolo. Ya .22, yaing'ono ndiponso yoyamba kubadwa, ndi chida choletsedwa cha gawo 5, chifukwa zipolopolo za .22 zikugulitsidwabe mpaka lero. Zaka zisanu za ndende zabisala mu kusiyana kwa mamilimita awiri ndi theka.

Chimodzimodzinso mavolovolo a .32 S&W ndi .38 S&W oyakira pakati, ndi Webley ya .455 imene akuluakulu a asilikali a Britain ankanyamula pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Zonsezi zikhoza kukhala zazaka zoposa 100, koma si zakale pamaso pa lamulo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Zimene zinachotsedwa pa mndandanda mu 2021

Palinso msampha wina: mfuti imene inali yololedwa dzana mwina lero siyololedwa. Zigawenga zinazindikira kuti zikhoza kugula volovolo yakale popanda chiphaso, kenako n'kupeza munthu wozipangira zipolopolo. Mu 2017, wogulitsa mfuti wina wa ku Gloucestershire analamulidwa kukhala m'ndende zaka 30 chifukwa chopereka mfuti ndi zipolopolo zopanga yekha zimene zinkathera m'manja mwa zigawenga. Bungwe lofufuza za zipolopolo la NABIS linkapeza mfuti zoterezi pamalo ambiri a zaupandu.

Choncho malamulo a 2021 anachotsa mitundu 7 ya zipolopolo pa mndandanda wa zosapezekanso: .320 British, .41 Colt, .44 Smith & Wesson Russian, .442 Revolver, 9.4mm ya Adatchi, 10.6mm ya Ajeremani ndi 11mm ya Afalansa ya 1873. Eni mfuti zimenezi anapatsidwa miyezi 6, mpaka September 2021, kuti apemphe chiphaso, agulitse kwa wogulitsa wovomerezeka kapena apereke kupolisi. Pa mitundu imeneyi, .320 British ndiyo yofunika kuisamala kwambiri kwa amene tikukamba za mavolovolo aang'ono, pakuti timfuti tam'thumba tambiri ta ku Birmingham ndi ku Belgium tinali ta muyeso umenewu. Agogo amene anagula kamfuti kotere mu 1990 anagula mwalamulo. Koma ngati anadwala osamva za kusinthaku, kamene kali m'dilowa mwawo lero ndi chida choletsedwa, ndipo amene angakalandire walandira mlandu.

"Sindinkadziwa" sikupulumutsa

Ambiri timaganiza kuti munthu wosalakwa mumtima khothi limamumasula. Pa mlandu wopezeka ndi mfuti sizili choncho. Khothi la apilo, pa mlandu wa Howells mu 1977, linagamula kuti ngakhale munthu akhulupirire moona mtima kuti mfuti yake ndi yakale, chikhulupirirocho sichimuteteza ngati mfutiyo si yakale. Woimira boma safunika kusonyeza kuti munali ndi cholinga choipa. Amangosonyeza kuti chinthucho chinali m'manja mwanu kapena m'ulamuliro wanu. Mawu a wogulitsa pamsika wa zinthu zakale, kapena zolembedwa pa intaneti, sizidzakuimirani.

Kwa ife obwera pali katundu winanso. Lamulo la UK Borders Act 2007 limati munthu amene si nzika ya Britain akalamulidwa kukhala m'ndende miyezi 12 kapena kuposerapo, boma liyenera kumuthamangitsa m'dzikomo, kupatula pa zifukwa zochepa zimene lamulolo linatchula. Ndiye kuti pa kamfuti kamodzi pakhoza kuthera ntchito, chitupa chokhalira m'dziko, ndi sukulu ya ana amene mukuwalipirira kumudzi.

Dziwaninso kuti pali anthu amene saloledwa kusunga mfuti ina iliyonse, ngakhale yakale yeniyeni. Amene analamulidwapo kukhala m'ndende zaka zitatu kapena kuposerapo ndi woletsedwa moyo wake wonse. Amene chilango chake chinali pakati pa miyezi itatu ndi zaka zitatu ndi woletsedwa kwa zaka zisanu. Kuyambira mu 2014, chiletsochi chimakhudzanso mfuti zakale, komanso anthu amene chilango chawo cha miyezi itatu kapena kuposerapo chinaimikidwa osalowa m'ndende.

Ngati mtima wanu uli pa kuwombera chandamale

Kuwombera chandamale ndi masewera aulemu, ofuna kudekha, kupuma bwino ndi dzanja losanjenjemera. Lamulo silinawaletse, linangowaikira njira. Bungwe la National Rifle Association la ku Britain linayamba mu 1859, ndipo kuyambira mu 1890 likulu lake lili ku Bisley m'dera la Surrey, kumene anthu amawombera mpaka lero.

Njira yoyamba, yomwe ndi yofikirika kwa ambiri, ndi ya mavolovolo othira wonga, amene chiletso cha 1997 sichinawakhudze. Chitsanzo chabwino ndi Colt ya m'thumba ya 1849, ya muyeso wa .31, imene inapangidwa yambiri kuposa volovolo ina iliyonse yothira wonga ya kampaniyo, ndipo ina inapangidwira mu London momwemo m'zaka za m'ma 1850. Ikakhala m'kabati monga chokongoletsera silira chiphaso. Mukafuna kuwombera nayo, muyenera kuilembetsa pa chiphaso cha mfuti.

Ulendo wake umayambira kukalabu yovomerezedwa ndi boma. Mumalowa monga membala woyesedwa kwa miyezi yosachepera itatu, mukuphunzitsidwa ndi kuyang'aniridwa, ndipo kalabu imadziwitsa apolisi za inu. Mukavomerezedwa kukhala membala weniweni, mumapempha chiphaso kupolisi ya dera lanu. Mumafunika anthu awiri okuikirani umboni, okhala m'dzikomo, amene akudziwani zaka zosachepera ziwiri ndipo si abale anu. Kuyambira November 2021, pamafunikanso umboni wochokera kwa dokotala wonena za thanzi lanu. Wapolisi amabwera kunyumba kudzacheza nanu ndi kudzaona posungira. Muyenera kusonyeza chifukwa chomveka chofunira mfuti iliyonse imene mwatchula, ndipo kudziteteza sikuwerengedwa ngati chifukwa. Chiphaso chimakhala zaka zisanu. Wonga wakuda uli ndi chiphaso chakechake cha zophulika, chochokeranso kupolisi.

Amene amakonda mfuti zothira wonga ali ndi bungwe lawo, Muzzle Loaders Association of Great Britain. Pa mipikisano yapadziko lonse ya mfuti zoterezi, woombera volovolo amaima mamita 25 kuchokera pa chandamale, amaombera maulendo 13 m'mphindi 30, ndipo amawerengera 10 opambana. Mpikisano wa mavolovolo enieni akale umatchedwa Colt, wa otsanzira umatchedwa Mariette. Ambiri amasankha kuwombera ndi yotsanzira, yakale yeniyeni n'kuipumitsa, ndipo ndi nzeru yabwino.

Njira yachiwiri ndi yopapatiza. Volovolo ya zipolopolo zopangiratu, monga ya .32 rimfire tinatchula ija, ikangokhala yowombetsa ndiye kuti ndi mfuti yam'manja yoletsedwa. Lamulo la 1997, m'gawo 7, linapereka mipata iwiri kwa osunga mbiri. Ndime 1 imalola munthu wa chiphaso kusunga kunyumba mfuti yopangidwa chisanafike chaka cha 1919, imene zipolopolo zake sizipezeka wamba, monga mbali ya zosonkhanitsa zake, koma osaiwombetsa. Ndime 3 imalola mfuti yosowa kwambiri, yokongola mwapadera, yaluso lochititsa chidwi kapena yofunika pa mbiri, kuti isungidwe pamalo osankhidwa ndi boma, monga ku Bisley, ndipo mwini wake akhoza kukawombera nayo komweko. Mfutiyo sigona kunyumba kwake, ndipo iye sayenda nayo yekha pamsewu.

Kukalabu mudzaphunzira malamulo amene woombera aliyense amawasunga ngati pemphero. Mfuti iliyonse muiyese yodzaza. Kukamwa kwake kuloze kumene kuli chandamale nthawi zonse. Chala chisakhudze chokhethemulira kufikira mutakonzeka. Valani zoteteza maso ndi makutu. Pafupi ndi wonga pasakhale fodya kapena moto. Mukamaliza sambani m'manja musanadye, chifukwa mtovu wa zipolopolo ndi poizoni.

Kusamalira ndi udindo

Kaya mfutiyo ndi yokongoletsera kapena ya pa chiphaso, chinthu choyamba n'kudziwa ngati ili yopanda kanthu. Mavolovolo othira wonga amapezeka ali odzaza patapita zaka zoposa 100, ndipo wonga wakuda ukakhala pouma sufa mphamvu. Ngati simudziwa kuyang'ana kwake, musayese, itanani wodziwa.

Chachiwiri, musayerekeze kuwombetsa mfuti yakale katswiri wokonza mfuti asanaione. Chitsulo cha m'zaka za m'ma 1800 chinapangidwira wonga wakuda. Wonga wamakono uli ndi mphamvu yochuluka ndipo ukhoza kuphulitsa kamgolo kozungulira kamene kamanyamula zipolopolo, n'kuduladula zala za woombera. Zipolopolo zina za .22 za lero zimalowa bwinobwino mu Model 1 ya 1857, koma kulowa sikutanthauza kuti mfutiyo ingazipirire. Katswiri amaonanso ngati kamgoloko kamaima molunjika ndi mpope. Kakaphonya pang'ono, tizidutswa ta mtovu timathethekera m'mbali. Amawerenganso zidindo za pachitsulo. Ku Britain mfuti zimayesedwa mphamvu ku nyumba ziwiri zoyesera, ya ku London ndi ya ku Birmingham yomwe inakhazikitsidwa mu 1813, ndipo zidindo zake zimathandiza kudziwa zaka za mfuti ndi mtundu wa wonga umene inayesedwera.

Chachitatu, letsani dzanja lanu. Tinazolowera kukwecha mapoto ndi mchenga kapena sitiliwulu mpaka awale, koma mfuti yakale sifuna zimenezo. Kuda kofiirira kumene kuli pachitsulo ndi mbali ya mbiri yake. Mukakupala, mwafafaniza zidindo ndi manambala, mwatsitsa mtengo wake, ndipo mwawononga umboni umene ukanasonyeza apolisi kuti ndi yakaledi. Ipukuteni ndi kansalu kofewa, muipake mafuta a mfuti pang'ono kwambiri, kapena phula losungira zinthu zakale monga Renaissance Wax, limene linakonzedwa ndi akatswiri a ku British Museum. Mafuta asalowerere m'chogwirira chamtengo, chifukwa amachifewetsa ndi kuchidetsa. Thukuta la m'manja limayambitsa dzimbiri, choncho mukaigwira ipukuteninso.

Mdani wamkulu ndi chinyezi, ndipo nyumba za ku Britain zili nacho chambiri. Musaisunge m'chipinda chapansi kapena kudenga. Musaisiye m'chikwama chake chachikopa, pakuti chikopa chimasunga chinyezi ndipo mankhwala ofufutira amadya chitsulo. Musaseweretse chokhethemulira mfuti ili yopanda kanthu: pa rimfire kanyundo kamamenya m'mphepete mwa chitsulo n'kuchiphwanya, ndipo masipuling'i akale akathyoka ena sapezeka. Musaiboole, musaikulitse kukamwa, musasinthe chilichonse kuti ilandire zipolopolo zina. Kutero kumaichotsa m'gulu la zakale ndipo ndi mlandu waukulu.

Amene mumawombera ndi wonga wakuda, tsukani tsiku lomwelo. Mwaye wake umakoka chinyezi, ndipo pofika m'mawa dzimbiri limakhala litayamba kale. Madzi ofunda amausungunula bwino. Kenako umitsani kwathunthu, mupake mafuta.

Wa chiphaso ali ndi udindo wolembedwa pa chiphaso chake: kusunga mfuti motetezeka kuti munthu wosaloledwa asaifikire. Nthawi zambiri zikutanthauza kabati yachitsulo yokhomeredwa kukhoma, makiyi ake odziwa inu nokha, ngakhale akunyumba kwanu asadziwe pamene ali. Ikabedwa kapena kusowa, dziwitsani apolisi msanga, masiku 7 asanathe. Mfuti yakale yokongoletsera lamulo silinaiikire kabati, koma nzeru ikuti muitsekere ndithu. Wakuba safunsa chaka chimene inapangidwa, ndipo mwana wocheza m'nyumba saona kusiyana kwake ndi choseweretsa. Sunganinso lisiti, zithunzi ndi kalata ya katswiri yonena mtundu, chaka ndi muyeso wake.

Mwaipeza: muchite chiyani

Tibwerere kuchipinda kuja. Musaigwire, musaiike m'chikwama, musailoze kwa munthu, musaijambule n'kutumiza pa WhatsApp. Tsekani dilowa, ndipo ngati n'kotheka tsekaninso chipinda. Uzani abale a malemu mwaulemu kuti simungalandire mphatsoyo apolisi asanaione. Ngati muli pantchito, dziwitsani akuluakulu anu nthawi yomweyo ndipo lembani m'buku la ntchito. Imbani 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosafulumira, mufotokoze zimene mwapeza ndi pamene zili. Ngati pali wina amene akuopseza nayo, kapena wodwala matenda oiwala waigwira, imbani 999.

Musanyamuke nayo nokha kupita kupolisi musanaimbe foni. Akuuzeni okha chochita. Nthawi ndi nthawi apolisi amalengeza masabata awiri opereka mfuti, monga anachitira mu 2017, 2019 ndi 2022, pamene wopereka saimbidwa mlandu wopezeka nayo pa nthawi yoperekayo, ngakhale kuti mfutiyo imafufuzidwabe ngati inagwirapo ntchito yaupandu. Koma simufunika kudikira nyengo imeneyo. Banja likhoza kupempha kuti mfutiyo ionedwe ndi katswiri isanawonongedwe. Ngati ndi yakaledi ikhoza kubwezedwa, ndipo ngati ndi yoletsedwa koma yamtengo, ikhoza kupita kwa wogulitsa wokhala ndi chilolezo choyenera kapena kunyumba yosungira zakale monga Royal Armouries ya ku Leeds.

Ufulu wanu

Lamulo lolimba silichotsa ufulu wa munthu. Ku England ndi Wales, mukamangidwa muli ndi ufulu wolankhula ndi loya kwaulere muli kupolisi komweko, ufulu woti wina adziwitsidwe kumene muli, ndi ufulu wa womasulira ngati Chingerezi chikukuvutani. Monga mlendo, mukhoza kupempha kuti ofesi ya kazembe wa dziko lanu idziwitsidwe. Ku Scotland nakonso muli ndi ufulu wa loya. Pa nkhani ya mfuti musayankhe mafunso loya asanafike, ngakhale mukudziona wosalakwa. Kupempha loya si kuvomera mlandu.

Apolisi akakana kukupatsani chiphaso, kapena akakulandani chimene munali nacho, muli ndi ufulu wochita apilo pasanathe masiku 21: ku Crown Court ngati muli ku England kapena Wales, kwa woweruza wotchedwa sheriff ngati muli ku Scotland. Ndipo mfuti yanu ikakhala yakaledi malinga ndi mafunso atatu aja, inunso si woletsedwa, muli ndi ufulu woisunga, kuigulitsa kapena kuisiyira ana popanda chiphaso.

Ufulu umenewu umathera pamalire. Chimene France kapena America imachiyesa chakale si chimene Britain imachiyesa chakale, ndipo phukusi logula pa intaneti likagwidwa padoko, woitanitsa ndiye amayankha mlandu. Chimodzimodzi popita kwathu: Malawi, Zambia, Mozambique ndi South Africa ali ndi malamulo awoawo a mfuti, ndipo gawo 58 la ku Britain silitanthauza kanthu pabwalo la ndege la Kamuzu. Musaike volovolo m'sutikesi kapena m'katundu wotumiza pa sitima musanalandire chilolezo cholembedwa kuchokera kumbali zonse ziwiri.

Volovolo yakale ndi ntchito ya manja a amisiri amene anapita kalekale, ndipo ndi yoyenera kusungidwa bwino kuti adzukulu adzaione. Koma inapangidwa kuti iphe, ndipo zaka sizinaiiwalitse ntchito yakeyo. Choncho wina akakutambasulirani kamfuti n'kunena kuti "n'chakale," manja anu akhale kumbuyo kufikira mutapeza mayankho atatu: chaka chake, zipolopolo zake, ndi chimene mukukafunira. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Kuno kufunsa kwake n'kuimba 101, ndipo ndi bwino kuimba dilowa ija ikadali yotseka.